UMOYO-SOUTH AFRICA: Kuwala kumapha tizilombo ta m'nkhama, koma sikunalowe m'malo mwa mswachi

JOHANNESBURG - Wodwala matenda a chiseyeye akachitidwa opaleshoni ya nkhama, ntchito imakhala isanathe. Pakangopita masabata owerengeka, mabakiteriya omwe dokotala adawapala amayambanso kumanga malo pakati pa dzino ndi nkhama. Akalekereredwa, fupa lomwe limagwira dzino limapitiriza kudyeka kufikira dzinolo litayamba kugwedera.

Kwa zaka zoposa 30 akatswiri akhala akuyesa njira yophera tizilomboti popanda mapiritsi, yomwe ndi kuthira utoto wabuluu m'nkhama n'kuwalitsapo kuwala kofiira. Njirayi madokotala amaitcha photodynamic therapy, ndipo mzinda wa Johannesburg uli ndi limodzi mwa malikulu odziwika mu Africa ofufuza za kuchiza matenda ndi kuwala.

Komabe bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika zotsatira za kafukufuku wa zachipatala, lidalengeza m'chaka cha 2024 kuti phindu la njirayi pa matenda a chiseyeye silidatsimikizike. Izi zikutanthauza kuti odwala omwe angauzidwe kuti alipire ndalama zoonjezera kaamba ka kuwalaku, komanso maboma omwe amagula zipangizo za m'zipatala, akuyenera kudziwa chomwe akugula.

Matenda osapweteka koma ogulula mano

Chiseyeye chimayamba ndi litsiro lomata lomwe limaunjikana m'mphepete mwa nkhama. M'litsiromo mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi omwe amadzitchinjiriza ndi chinthu choterera chomwe amapanga okha. Likapanda kutsukidwa, litsiroli limauma n'kukhala ngati mwala, ndipo mswachi sungathenso kulichotsa.

Poyamba nkhama zimangotupa ndi kutuluka magazi munthu akamatsuka mano. Apa matendawa amatha msanga. Koma mwa anthu ena kutupako kumalowerera pansi, nkhama zimalekana ndi dzino, ndipo pamapangika kamphako. M'kamwa mwa munthu wangwiro, mpata wa pakati pa dzino ndi nkhama supitirira mamilimita 3. Mwa wodwala kwambiri umafika mamilimita 6 kapena kuposera apo, ndipo fupa lomwe ladyeka silibwerera lokha.

Choopsa n'chakuti zonsezi zimachitika popanda ululu weniweni. Ambiri amazindikira mochedwa, m'kamwa mutayamba kununkha kapena mano atayamba kutalikirana. Kusuta fodya ndi matenda a shuga ndi zina mwa zinthu zazikulu zomwe zimakolezera matendawa.

Lipoti lomwe bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa mu November 2022 lidati anthu pafupifupi mabiliyoni 3.5 ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo pafupifupi biliyoni imodzi ali ndi chiseyeye chofika poipa. Anthu atatu mwa anayi aliwonse odwala m'kamwa amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Chithandizo chovomerezeka chimayenda pang'onopang'ono. Wodwala amaphunzitsidwa kutsuka mano bwino ndi kusiya fodya, kenaka dokotala amapala litsiro pansi pa nkhama. Ngati timphako takuya tatsalabe, ndi pomwe opaleshoni imabwera: nkhama imang'ambidwa, muzu wa dzino umayeretsedwa ukuonekera, kenaka nkhamayo imasokedwa. Gawo lomaliza, lomwe silitha moyo wonse, ndi lobwerera kuchipatala kawirikawiri kukapimidwa ndi kuyeretsedwa. Ogulitsa makina a kuwala amati njira yawo ingathandize pa nthawi yopala ija komanso pa gawo lomalizali.

Momwe kuwala kumaphera

Nzeruyi si yatsopano. M'chaka cha 1900, wophunzira za udokotala ku Munich, Oscar Raab, adaona kuti tizilombo ta m'madzi tothiridwa utoto wotchedwa acridine tinkafa msanga tikakhala powala kusiyana ndi tikakhala pamdima. Mphunzitsi wake, Hermann von Tappeiner, adapeza kuti mpweya wa okosijeni ndi wofunikanso kuti izi zitheke. Mankhwala a penicillin atafala m'zaka za m'ma 1940, ambiri adaiwala za njirayi.

Idadzukanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pomwe Michael Wilson ndi anzake a ku Eastman Dental Institute ku London adaonetsa kuti mabakiteriya a m'kamwa amafa akathiridwa utoto wabuluu n'kuwalitsidwa ndi laser ya mphamvu zochepa.

Utoto womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri, wotchedwa methylene blue, si wachilendo m'zipatala za kumwera kwa Africa. Udapangidwa ku Germany m'chaka cha 1876, ndipo mu 1891 Paul Ehrlich ndi Paul Guttmann adauyesa pa odwala malungo. Mpaka lero ndi umodzi mwa mautoto omwe ogwira ntchito m'malabotale amagwiritsa ntchito akamaunika magazi a malungo kapena makhololo a chifuwa chachikulu pa maikulosikopu.

Pochiza nkhama, dokotala amathira utotowu m'kamphako ndi jakisoni wosasongoka n'kudikira mphindi zochepa kuti umatirire ku mabakiteriya. Akatsuka wotsalawo, amalowetsa kachingwe kopyapyala kotulutsa kuwala kofiira kwa mphindi ngati imodzi pa dzino lililonse. Utotowo umayamwa mphamvu ya kuwalako n'kuipatsira ku okosijeni yemwe ali pafupi. Okosijeniyo amasanduka waukali ndipo amaboola khungu la bakiteriya. Ukali wakewo umatha m'kanthawi kochepa kwambiri kosakwana n'kuphethira kwa diso, kotero kuti amangoononga chomwe utoto wamatirira.

Ubwino womwe akatswiri amautchula kwambiri ndi woti okosijeniyu amaononga mbali zambiri za kachilombo nthawi imodzi, mwakuti n'kovuta kuti kachilomboko kapeze njira yodzitetezera monga momwe kamachitira ndi maantibayotiki. Njirayi siwawa, ndipo sidetsa mano kwa nthawi yaitali monga momwe amachitira mankhwala ochukuchira m'kamwa a chlorhexidine akagwiritsidwa ntchito masabata ambiri.

Nzeru zomwe Johannesburg ili nazo

Ku Doornfontein, pakati pa mzinda wa Johannesburg, kuli likulu la Laser Research Centre la University of Johannesburg. Pulofesa Heidi Abrahamse, yemwe wakhala akutsogolera likululi kwa zaka zambiri, ndi gulu lake akhala akufufuza momwe utoto ndi kuwala zingaphere maselo a khansa, kuphatikizapo kuyesa zinthu zochokera ku zomera. Pulofesa Nicolette Houreld wakhala akufufuza momwe kuwala kofooka kungathandizire kupoletsa zilonda za anthu odwala shuga. Michael Hamblin, yemwe adagwira ntchito nthawi yaitali ku Harvard Medical School ndipo adalemba zambiri zokhudza kupha tizilombo ndi kuwala, adagwiranso ntchito ndi likululi ngati pulofesa mlendo.

Ku Rhodes University, m'tauni ya Makhanda, Pulofesa Tebello Nyokong adatchuka pa dziko lonse popanga mautoto a ntchito yotereyi, ofanana ndi omwe amanika nsalu za jinzi. M'chaka cha 2009 adalandira mphotho ya L'Oréal-UNESCO ya amayi a zasayansi. Ku Pretoria, bungwe la CSIR lakhala likubwereketsa makina a laser ku mayunivesite.

Mtunda wochepa kuchoka ku Doornfontein, ku Parktown, kuli sukulu ya za mano ya University of the Witwatersrand, yomwe imathandiza odwala m'chipatala cha Charlotte Maxeke Johannesburg Academic Hospital. Ndi mizinda yochepa mu Africa yomwe ili ndi akatswiri a kuwala, akatswiri a nkhama ndi odwala ochuluka pamalo amodzi chonchi.

Ngakhale zili choncho, ntchito yomwe yatchukitsa likulu la ku Doornfontein ndi ya khansa, zilonda ndi maselo a m'labotale. Kafukufuku wambiri wa kuwala pa matenda a chiseyeye wachitikira kunja kwa Africa, m'mayiko monga Brazil, India ndi a ku Ulaya.

Zomwe umboni ukunena

M'labotale njirayi imapha mabakiteriya mosakayikitsa, kuphatikizapo Porphyromonas gingivalis yemwe amapezeka kwambiri m'nkhama zodwala. Koma m'kamwa mwa munthu si m'mbale ya galasi.

Pansi pa kamphako kakuya pamakhala okosijeni wochepa, chonsecho njirayi imadalira okosijeni yemweyo. Magazi otuluka m'nkhama amasungunula utoto ndi kutchinga kuwala. Litsiro louma lija kuwala sikulichotsa, ndiye kuti kupala kumafunikabe. Ndipo ngakhale tizilombo titafa lero, tina ta pa lilime ndi m'malovu timabwererapo.

M'chaka cha 2018, akatswiri a bungwe la American Academy of Periodontology adaunika umboni womwe udalipo ndipo adapeza kuti kuonjezera kuwala pa kupala kumachepetsa kuya kwa kamphako ndi mlingo wosakwana milimita imodzi, kusiyana komwe adati n'kochepa kwambiri kuti kusinthe moyo wa wodwala.

Mu 2020 bungwe la European Federation of Periodontology lidatulutsa malangizo ochizira matendawa omwe mayiko ambiri amawatsatira. Malangizowo sadavomereze kuonjezera njirayi pa chithandizo cha masiku onse, ndipo adalangizanso kuti isaonjezeredwe pa kuyeretsa mano komwe wodwala amalandira akamabwerera kuchipatala.

Bungwe la Cochrane nalo mu 2024 lidaunika mayeso 50 omwe adakhudza anthu pafupifupi 1,400. Lidapeza kuti umboniwo ndi wofooka kwambiri, chifukwa mayeso ambiri adali ndi anthu ochepa ndiponso sadakonzedwe mosamala, ndipo lidati ngakhale phindu litakhalapo, lingakhale laling'ono moti wodwala sangalione. Mayeso ochuluka adali a gawo lopala litsiro. Ochepa okha ndi omwe adayang'ana nthawi yosamalira wodwala chithandizo chachikulu chitatha, yomwe ndi nthawi yomwe munthu wochitidwa opaleshoni amakhalamo.

Vuto lina ndi loti ofufuza sagwiritsa ntchito muyezo umodzi. Wina amathira utoto wamphamvu, wina wosungunuka. Wina amawalitsa kamodzi, wina kanayi. Wina ndi laser, wina ndi nyale ya LED. Zotsatira zotere n'zovuta kuziphatikiza.

Phunziro lochokera ku Sweden

Chomwe chimasunga mano opaleshoni ikachitika chidadziwika kalekale. M'chaka cha 1981, Per Axelsson ndi Jan Lindhe a ku Sweden adafalitsa zotsatira za odwala chiseyeye chachikulu omwe adachitidwa opaleshoni n'kutsatiridwa kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Gulu lina linkaitanidwa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse kudzayeretsedwa ndi kukumbutsidwa katsukidwe ka mano. Gulu lina lidangobwezedwa kwa madokotala awo popanda ndondomeko yotereyi.

Oitanidwa aja nkhama zawo zidakhalabe bwino. Mwa enawo matenda adayambiranso. Zaka zingapo m'mbuyomo, gulu la Lindhe lidali litaonetsanso kuti opaleshoni yochitidwa m'kamwa mosatsukidwa bwino siletsa matenda kupitirira.

N'chifukwa chake malangizo a ku Ulaya aja amati opaleshoni isachitike pa munthu yemwe sanayambe kusamala m'kamwa mwake, ndipo amati wodwala azibwerera kuchipatala pakapita miyezi itatu mpaka 12, malinga ndi kukula kwa chiopsezo chake. Mswachi, timaburashi totsukira pakati pa mano, kusiya fodya ndi tsiku lobwerera kwa dokotala ndi zomwe zili ndi umboni wamphamvu kuposa makina aliwonse a kuwala.

Chifukwa chomwe nkhaniyi sinathere pomwepa

Pali zifukwa zitatu zomwe zikuchititsa akatswiri kupitiriza kufufuza, ndipo zonse zikukhudza Africa kwambiri.

Choyamba ndi vuto la tizilombo tosamva mankhwala. Kafukufuku yemwe adatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 adapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu 1.27 miliyoni adafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya otere, ndipo chigawo cha kumwera kwa chipululu cha Sahara ndi chomwe chidakhudzidwa koposa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Bungwe la madokotala a mano pa dziko lonse la FDI likuti madokotala a mano amalemba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a maantibayotiki onse operekedwa kwa anthu. Mu September 2024 atsogoleri a mayiko adagwirizana ku United Nations zochepetsa imfa zokhudzana ndi vutoli ndi 10 pa 100 pofika 2030.

Pa matenda a chiseyeye, amoxicillin ndi metronidazole ndi omwe amalembedwa kawirikawiri. Njira yopha tizilombo pamalo pomwe tili, osadutsa m'mimba ndi m'magazi, ingakhale yamtengo wapatali itatsimikizika. Kuti mfundo yake ndi yotheka zaoneka kwina: chipatala cha Vancouver General ku Canada chidayamba mu 2011 kugwiritsa ntchito utoto ndi kuwala kupha tizilombo m'mphuno mwa odwala asanachitidwe opaleshoni. Komabe, malangizo a ku Ulaya amaletsanso kupereka maantibayotiki kwa wodwala chiseyeye aliyense mwachizolowezi. Choncho njira yachangu yochepetsera mankhwalawa ndi kusiya kuwalemba pomwe safunika, zomwe sizilira makina.

Chachiwiri ndi matenda a shuga. Nthambi ya boma yoona za chiwerengero ya Statistics South Africa idaonetsa kuti m'chaka cha 2016 shuga adali wachiwiri pa matenda opha anthu ambiri m'dzikomo, ndipo adali woyamba pakati pa amayi. Shuga ndi chiseyeye zimakolezerana: shuga akakwera nkhama zimadwala ndipo zilonda zimachedwa kupola, pomwe nkhama zotupa zimavutitsa kutsitsa shuga. Kuunika kwa Cochrane kwa mu 2022 kudapeza kuti kuchiza nkhama kumatsitsa ndithu mlingo wa shuga m'magazi pakatha miyezi itatu kapena inayi. Ngati pali odwala omwe chithandizo choonjezera chingawapindulire, awa ndi oyenera kuyamba kuyesedwa.

Chachitatu n'chakuti tizilombo sitifanana kulikonse. Kafukufuku wa Dorte Haubek ndi anzake pakati pa achinyamata a ku Morocco, yemwe adatuluka mu 2008, adaonetsa kuti mtundu wina wa bakiteriya wotchedwa JP2, womwe umapezeka kwambiri kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, umachulukitsa kwambiri chiopsezo cha chiseyeye chogulula mano munthu akadali wamng'ono. Zopezeka ku Ulaya sizingangotengedwa ngati yankho la Africa yense.

Omwe safika n'komwe pa mpando wa dokotala

Mkangano wa kuwala umakhudza anthu ochepa omwe amafika pochitidwa opaleshoni ya nkhama. Ku South Africa, anthu pafupifupi 16 okha mwa 100 aliwonse ndi omwe ali pa ndondomeko yolipiriratu chithandizo cha kuchipatala, ndipo madokotala a mano ambiri amagwira ntchito m'zipatala zomwe si zaboma. M'zipatala zing'onozing'ono zaboma, chithandizo cha mano chofala kwambiri ndi kuzula dzino. Munthu wa ku Soweto, Alexandra kapena Diepsloot yemwe dzino lake layamba kugwedera, nthawi zambiri amabwerako dzinolo litachotsedwa.

Pa 15 May 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasainira lamulo la National Health Insurance, lomwe cholinga chake n'kukhazikitsa thumba limodzi lolipirira chithandizo cha anthu onse. Mabungwe angapo adalitengera kukhoti. Ndondomeko iliyonse yotere imayenera kusankha chithandizo chomwe ilipire ndi chomwe isiye, ndipo posankhapo umboni ngati wa Cochrane ndi womwe uyenera kulemera kuposa zonena za ogulitsa makina.

Kwa anthu obwera, kuphatikizapo Amalawi ambiri omwe amagwira ntchito m'nyumba, m'mashopu ndi m'malo omanga mu Johannesburg, chopinga chimayambira pakhomo la chipatala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, koma magulu odana ndi obwera akhala akutchinga anthu pa zipata za zipatala. Mu November 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidaletsa gulu la Operation Dudula kuchita zimenezi. Kwa matenda ofuna kubwerera kuchipatala miyezi ingapo iliyonse, mantha opita kuchipatala amaononga chithandizo chonse.

Kwawo ku Malawi zinthu n'zothina koposa. Pomwe ntchito ya MalDent, ya mgwirizano wa University of Glasgow ndi sukulu yomwe lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, inkayamba mu 2018, dziko lonse lidali ndi madokotala a mano osakwana 50 pa anthu oposa 17 miliyoni. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adayamba mu 2019, ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa idakhazikitsidwa mu 2022, ndipo madokotala oyamba ophunzitsidwa m'dzikomo adamaliza maphunziro awo mu 2025. Pa malo otere, kwacha iliyonse yogulira makina osatsimikizika ndi yomwe ikadagula zipangizo zopalira mano kapena kulipira wogwira ntchito woti azigwiritse.

Zoyenera kufunsa

Zipatala zina za mano zomwe si zaboma zimatsatsa chithandizo cha laser, koma mawu amenewa amabisa zinthu zitatu zosiyana. Pali laser yotentha yomwe imadula kapena kuwotcha mnofu. Pali kuwala kofooka kopanda utoto komwe cholinga chake n'kuchepetsa ululu ndi kufulumizitsa kupola. Ndipo pali njira ya utoto ndi kuwala yomwe ikukambidwa pano. Umboni wa chimodzi si umboni wa chinzake.

Wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi iti mwa njirazi yomwe akupatsidwa, ndalama zoonjezera ndi zingati, komanso ngati kupala litsiro kuchitikebe. Afunsenso kuti timphako take n'takuya mamilimita angati lero, kuti pobwerera adzayerekeze. Njira ya utoto ndi kuwala siidadziwike ndi zovuta zazikulu m'thupi, kotero chomwe wodwala angataye kwambiri ndi ndalama, komanso nthawi ngati akhulupirira kuti kuwalako kwamuchotsera udindo wotsuka mano. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere: nkhama zikhoza kuoneka bwino kunja fupa likudyeka pansi.

Kwa ofufuza, mpata ulipo. Utoto wa methylene blue ndi wotchipa ndipo uli kale pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika, ngakhale kuti udalembedwapo kaamba ka ntchito ina. Nyale za LED zatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi makina a laser a zaka 20 zapitazo. Chomwe owunika umboni akhala akupempha ndi mayeso aakulu, a muyezo umodzi, otsatira odwala kwa chaka kapena kuposerapo, oyang'ana osati mamilimita okha komanso chiwerengero cha mano opulumuka ndi ndalama zomwe zalowapo.

Mayiko omwe ali m'bungwe la WHO adalonjeza kuti pofika 2030, anthu 80 mwa 100 aliwonse adzakhale ndi mwayi wolandira chithandizo chofunika cha m'kamwa, ndipo adabwereza lonjezolo pa msonkhano wa ku Bangkok mu November 2024. Malabotale a ku Doornfontein ndi mipando ya odwala ya ku Parktown zikhoza kuyankha ngati kuwala kofiira kuli ndi malo m'lonjezo limeneli. Kufikira yankholo litapezeka, chomwe chimasunga dzino la munthu wochitidwa opaleshoni ndi mswachi wa m'mawa ndi madzulo, komanso chipatala chomwe chimulandire tsiku lobwerera likakwana.